Utsi wakuda ndi mapulagi amwaye: momwe ndinalimbanira ndi kabuleta ya Zenith pa Land Rover Series III

Galimoto yake ndi Land Rover Series III yaifupi ija, ya injini ya petulo ya malita 2.25, yokhala ndi kabuleta ya Zenith 36IV. Zambiri zomwe ndilembe pano ndi za kabuleta imeneyi, koma kafufuzidwe ka vuto n'kamodzimodzi ngakhale muli ndi Peugeot 504, Datsun 1200 kapena Beetle yakale.

Vuto linabwera mozemba. M'mawa galimoto inkalira msanga ngakhale osakoka choki, ine n'kumati ndi mwayi. Chonsecho injini yakale yozizira ikamalira mosavuta popanda choki, ndiye kuti ikulandira kale petulo wopyola muyezo. Ikatentha, silo (kaliridwe ka injini musanaponde akiseleleta) inkakwera n'kutsika, kukwera n'kutsika, kumbuyo kukutuluka utsi wakuda wolasa m'maso. Ndikaizimitsa yotentha, kuti ilirenso ndinkachita kuponda akiseleleta mpaka pansi. Land Rover yamtunduwu ikakhala bwino imayenda makilomita 6 kapena 7 pa lita. Yanga inatsika kufika cha m'ma 4, ndipo thanki ya malita 45 inkatha ndisanapite kulikonse kodziwika. Munthu utachezera pa mzere wa mafuta, kuona theka lake likuthera mu utsi kumawawa mtima.

Ndalama zoyamba zinapita ku zinthu zosalakwa. Galaja yoyamba inasintha mapulagi, ndipo galimoto inayenda bwino kwa kanthawi mpaka atsopanowo nawo atada. Kenako inagulidwa koilo, kenako kondensa, kenako mapulagi ena. Pulagi yakuda siyambitsa vutoli, imangoulula. Yang'anani kudako kuti n'kotani. Mwaye wouma, wosalala, wochoka mukapukuta ndi chala, ndi petulo wochuluka. Kuda konyowa, kwa mafutamafuta, ndi oyilo amene akudutsa m'malingi kapena m'mavavu, ndipo pamenepo kabuleta ilibe mlandu. Pulagi yoyera mbee ikunena kuti petulo akuchepa. Yabwino imakhala yofiirira pang'ono. Anga onse anayi anali ndi mwaye wouma wofanana, kusonyeza kuti vuto lili pa chinthu chodyetsa masilinda onse. Ikanada imodzi yokha, ndikanayamba ndi waya wake ndi kompulesheni ya silinda imeneyo. Pofuna kuwerenga mapulagi, yendani kaye pamsewu injini itenthe bwino, muzimitse pomwepo osaisiya pa silo, chifukwa silo ya mphindi zochepa chabe imasintha maonekedwe ake.

Zinthu zinatembenuka nditapita kwa mkulu wina amene anakalambira pa ma Land Rover a m'maesiteti a tiyi. Iwo sanakhudze kabuleta tsiku loyamba. Anati moto ndi mavavu zikhale bwino kaye, popeza injini ya moto wofooka imaonetsa zizindikiro zofanana ndi ya petulo wochuluka. Mpata wa matapeti a mavavu anauika pa 0.25 mm, onse olowetsa ndi otulutsa. Mapointi a mu disitibyuta pa 0.36 mpaka 0.40 mm. Mapulagi pa 0.75 mpaka 0.80 mm. Mawaya anaona kuti akutsata 1-3-4-2. Taimingi imatengera injini yanu: ya kompulesheni ya 8:1 buku la Land Rover limaiika pa TDC (pomwe pisitoni yafika pamwamba penipeni) ndi petulo wa 90 octane, ya 7:1 pa madigiri 6 isanafike TDC. Zonsezi ndi ntchito ya fila geji ndi masipanala ochepa, ndipo siidya ndalama.

Kenako mpweya. Series III ili ndi sefa ya mpweya yokhala ndi oyilo pansi pake, pafupifupi malita 0.85, ndipo m'mbale yake muli mzere wosonyeza pothirira. Oyilo akapyola mzerewo, kapena pansi pakadzaza matope a fumbi, injini imabanika n'kumakoka petulo wambiri ngati mwakoka choki. Yanga inali ndi matope ndithu. Tinaitsuka ndi palafini, kuiumitsa, kuthira oyilo watsopano. Tinaonanso ngati choki ikutsegukiratu mukakankha kachitsulo ka m'kati: chotsani paipi yaikulu ya mpweya, kambale ka choki kaime chilili. Kebulo yolimba ndi dzimbiri imakasiya kopendekeka pang'ono, ndipo pang'ono pomwepo n'pokwanira kudetsa mapulagi. Utsi unachepako, koma sunathe.

Apa mpamene anandionetsa kuyesa komwe ndikanakudziwa poyamba ndikanapulumutsa ndalama zonse zija. Pansi pa kabuleta pali sikuluu ya sipuling'i yochunira petulo wa pa silo. Kuimangira mkati kumachepetsa petulo, kuimasula kumaonjezera. Injini ili yotentha, anaimangira pang'onopang'ono mpaka inagunda. Injini yabwino imayenera kuyamba kunjenjemera n'kuzima, chifukwa mwaitsekera njira yokhayo yomwe imadyera pa silo. Yanga inangopitiriza kulira, mwinanso bwinoko kuposa kale.

"Mwaona, bwana? Sikuluu ikapanda kuyankha musaivutitse. Mafuta akulowera khomo lina."

"Khomo lake liti, madala?"

Anatenga kagalasi n'kukapendeketsa pamwamba pa kabuleta, injini ikulira. Kukhosi kwa kabuleta, komwe pa silo kumayenera kukhala kouma, kunkagwa madontho a petulo pa kambale ka thirotolo, kaja kotseguka mukaponda akiseleleta. Gwiritsani kagalasi ndithu, musaike nkhope pamwamba pa kabuleta injini ikulira: ikatsokomola imalavula moto. Komanso pomanga sikuluu ija musakanikize ikagunda, nsonga yake ndi yosongoka ndipo ikadindika siichunikanso bwino.

Sikuluu imeneyi ndi ya silo basi. Mukaponda n'kuyamba kuyenda, petulo amadzera m'majeti (timikuwa tokhala ndi timabowo toyezera petulo), ndipo kuchuluka kwake kumadalira kukula kwa jeti ndi mlingo wa petulo m'kabuleta. Galimoto yomwa mafuta pamsewu simungaichize ndi sikuludiraiva.

Petulo wodontha chonchi amachokera malo atatu, ndipo tinawatsata motere. Poyamba pampu. Pampu yake yeniyeni ya pa injini imakankha pang'ono chabe. Eni ambiri anaikamo pampu yamagetsi, ndipo ngati ndi yamphamvu yopangidwira injini za injekishoni, imagonjetsa kasingano kotseka petulo n'kusefukiritsa kabuleta. Kabuleta ngati iyi imafuna pampu ya cha m'ma 2 kapena 3 psi. Yanga inali ya pa injini, choncho tinadutsa.

Chachiwiri, fuloti yoyandama pa petulo m'kabuleta ndi kasingano komwe imakankha kuti katseke petulo akadzaza. Tinamasula chivundikiro cha pamwamba, chomwe chimatuluka pamodzi ndi mafuloti awiri ndi chitsulo chosunga majeti. Gwedezani mafuloti pafupi ndi khutu. Mukamva madzimadzi mkati, abooka ndipo akumira. Tembenuzani chivundikiro chadodolido n'kuuzira ndi pakamwa polowera petulo: mpweya usadutse ngakhale pang'ono. Mukachitembenuzanso, udutse. Kasingano kakakhala ndi mzere wodyeka kunsonga, kasinthidwe pamodzi ndi mpando wake, ndipo washa wa pansi pake asaiwalike, chifukwa makulidwe ake amasintha mlingo wa petulo. Muyezo wa fuloti pa 36IV ndi 33 mm, kuyambira pa gasiketi kufika pamwamba penipeni pa fuloti, chivundikiro chili chadodolido, kasingano katakhala pa mpando wake. Mafuloti onse awiri afanane. Mukafuna kusintha, pindani kalilime ka pakati kokhudza singano, osakanikiza mafulotiwo. Yanga inali itaphonya pang'ono, tinaibweza. Tinabwezeretsa zonse, mtima uli m'mwamba, n'kuliza. Madontho aja anali pompo.

Tsiku limenelo ndinabwerera kunyumba nditafooka, ndikuganiza zongogula kabuleta ina. Ambiri amaika Weber 34ICH, ndipo imasungadi mafuta, koma pa chitunda ndi katundu galimoto imaoneka kuti yachepa mphamvu. Palinso makabuleta otchipa otengera Zenith, omwe ena amagwira, ena amabwera ndi mavuto awoawo. Mkulu uja anandiletsa, nati chachitatu sitinachione.

Chachitatucho ndiye nthenda yodziwika ya 36IV. Chitsulo chosunga majeti chimakhala pa khosi la kabuleta, ndipo pakati pake pali O-ring (mphete ya labala) imodzi yolekanitsa chipinda cha petulo ndi khosilo. Labala ameneyu akauma, akaphwatalala kapena akang'aluka, injini imayamwa petulo molunjika kuchokera m'chipinda, osadzera mu jeti iliyonse. Chinanso, chitsulo cha kabuletayi n'chofewa, ndipo ndi kutentha kwa zaka zambiri ndi kumangitsa masikuluu, chivundikiro ndi thupi zimapindika. Zikapindika, O-ring siipanikizika, ngakhale ikhale yatsopano, ndipo gasiketi imasiya mpata pakati pa tinjira ta petulo ndi ta mpweya. Yanga O-ring inali youma gwa, ndipo nditaitola inathyoka m'manja. Titaika lula yachitsulo pa chivundikiro n'kuyang'ana kudzuwa, kuwala kunkadutsa pakati.

Apa panabwera kudikira. Kiti yokonzera 36IV sinapezeke m'masitolo omwe ndinayenda, ndipo ndinachita kuitanitsa kuchokera ku South Africa kudzera mwa munthu wobwera pa basi. Galimoto inakhala pansi milungu ingapo. Mtengo wa kiti pamodzi ndi wonyamula sunafike pa zomwe ndinali nditataya kale pa koilo ndi mapulagi. Poitanitsa, nenani kuti ndi 36IV kapena 36IVE (ya injini zokhala ndi zida zochepetsera utsi), ndipo funsani ngati muli O-ring, gasiketi ya pamwamba, kasingano ndi dayafulamu (kalabala kopyapyala kokokedwa ndi mpweya). Pemphani O-ring ya Viton, labala wopirira petulo. Musatole iliyonse ya m'bokosi la a mapaipi a madzi: ingakwane lero, koma petulo amaifufumitsa kapena kuiumitsa.

Kuwongola zitsulo kunatenga masana athunthu. Pamafunika galasi lochindikala, lathyathyathya, ndi sandipepa wa madzi, woyambira wa 240 kapena 320, womalizira wa 600. Chotsani chilichonse chotuluka pamwamba pa nkhope yomwe mukupala: majeti, pisitoni ya kapampu ka akiseleleta, kasingano, timipira tating'ono tomwe timagwa mukatembenuza. Jambulani ndi foni musanachotse chilichonse, ndipo gwirirani ntchito pa thireyi kapena nsalu yoyera, chifukwa kampira kakagwera mu mchenga kapita. Pakani inki ya maka pa nkhope yonse. Nyowetsani sandipepa, ikani chitsulo chafufumimba, yendetsani molemba 8, mosakanikiza, mukutembenuza kagwiridwe kuti mbali imodzi isadyeke kuposa inzake. Mukangopala pang'ono muona inki itachoka pozungulira mabowo a masikuluu, pakati ikadalipo: kumeneko ndiye kupindika kuja. Pitirizani mpaka inki ichoke paliponse, ndipo imani pomwepo. Chitani chimodzimodzi pa chivundikiro, pamwamba pa thupi, ndi pa nkhope ya chitsulo cha majeti. Mukatha tsukani kawirikawiri ndi kuuzira tinjira tonse, chifukwa mchenga wa sandipepa ukatsalamo upita mu jeti kapena mu injini.

Pamwamba pa chivundikiro pali kachivundikiro ka masikuluu atatu kokhala ndi dayafulamu ndi sipuling'i. Ntchito yake ndi kulowetsa mpweya woonjezera mukamayenda mosaponda kwambiri, kuti petulo asungike. Dayafulamu ikabooka, galimoto imamwa mafuta pa liwiro wamba ngakhale silo ili bwino. Yang'anani kudzuwa, kapena ingosinthani popeza ili kale mu kiti. Pobwezeretsa, pakani O-ring kadontho ka oyilo, mangani masikuluu a chivundikiro mopingasa, pang'onopang'ono, ndi mphamvu ya zala pa sikuludiraiva. Kumangitsa n'komwe kunapinda chitsulocho poyamba.

Khosi linauma, utsi wakuda unatha, ndipo sikuluu ija inayamba kuyankha: kuimangira mkati, injini n'kuzima. Tisanayende tinasintha oyilo wa injini ndi fyuluta yake, pafupifupi malita 7 a 20W50. Ichi musachidumphe. Petulo wochuluka amatsuka makoma a masilinda n'kutsikira mu sampu. Pa dipisitiki oyilo wanga anali atakwera m'malo motsika, wopyapyala, akununkha petulo. Oyilo akapitiriza kukwera kabuleta itakonzedwa, kayikirani dayafulamu ya pampu ya petulo, chifukwa ikang'ambika imathira petulo m'injini momwemo.

Ndinkayesa nkhani yatha. M'mawa mwake galimoto inakana kukhala pa silo popanda choki. Ndikaponda modzidzimutsa inkayamba yafa kaye kenako n'kudzuka, nthawi zina ikutsokomolera mu kabuleta, ndipo potsika chitunda ekizozi inkaphulika phuphuphu. Mapulagi anali oyera. Kukhumudwa kwake kunaposa koyamba, chifukwa ndinkaganiza kuti taononga kanthu popala. Sitinaononge. Panali vuto lachiwiri, la mpweya wolowera pambali, lomwe petulo wodontha uja ankalibisa zaka zonsezi. Mavuto awiriwa amaphimbirana, ndipo mukachotsa limodzi linalo limaonekera. Lachiwirili ndi loopsa kwambiri kwa injini: petulo wochuluka amatha ndalama ndi oyilo, koma wochepa amatenthetsa injini mpaka kupsereza mavavu kapena pisitoni, makamaka pa chitunda chachitali.

Kufufuza kwake n'kosavuta. Injini ili pa silo, poperani mankhwala otsukira kabuleta pang'onopang'ono pa malo amodziamodzi: pansi pa kabuleta, pa chitsulo chomwe imakhalapo, mbali zonse za kamtengo ka thirotolo, pomwe manifodi ikumana ndi hedi, pa kapaipi kopita ku disitibyuta, ndi pa paipi ya sevo ya mabuleki ngati ilipo. Kaliridwe kakasintha, mwapeza pobowoka. Mankhwalawa amayaka, ndipo manifodi ya ekizozi ili pansi pomwepo, choncho chitirani panja, chozimira moto chili pafupi, injini isanatenthetsetse. Ife tinapeza malo awiri. Kalabala ka kunsonga kwa paipi ya disitibyuta kanali kong'aluka, chinthu cha ndalama zochepa zedi. Kwinaku kamtengo ka thirotolo kankagwedera m'mabowo ake: mukakagwira ndi zala n'kukankhira m'mwamba ndi pansi, kankachita gwedegwede. Pamenepa gasiketi siithandiza. Thupi la kabuleta linapita kwa osema zitsulo pa mashini kuti akaikemo mabushi, ndipo galimoto inakhalanso pansi sabata ina ndi ndalama zina.

Itabwera, silo inakhazikika, koma patapita masiku inayambanso kuzimazima pa mphambano. Jeti ya silo ili ndi kabowo kakang'ono kwambiri, ndipo kanali katatsekeka theka ndi dzimbiri. Tsukani ndi mankhwala n'kuuzira mpweya chobwerera. Musalowetse waya kapena singano: jeti ndi ya mkuwa, bowo likakula pang'ono mwabwerera ku utsi wakuda. Gwero la zinyalalazo linali kuonekera pa kabotolo ka galasi ka pansi pa pampu ya petulo, momwe pansi pake panali mzere wa madzi ndi fumbi lofiira. Kabotolo kameneka kakhuthulidwe kawirikawiri, kasefa ka pamwamba pake katsukidwe, ndipo labala wake akhale bwino, chifukwa akalowetsa mpweya pampu imalephera kukoka pa chitunda. Tinatsitsa thanki, kuitsuka, kusintha mapaipi onse a labala, n'kuika fyuluta yoonekera mkati pakati pa pampu ndi kabuleta, kutali ndi ekizozi.

Petulo wathu ali ndi mbali yake pa nkhaniyi. Ku Malawi petulo wakhala akusakanizidwa ndi ethanol wa nzimbe kuyambira mu 1982, wochokera ku Dwangwa, ndipo pambuyo pake ku Chikwawa. Galimoto zatsopano zimadzichuna zokha, koma kabuleta siidziwa kuti m'thanki mwalowa chiyani. Petulo weniweni amafuna magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi, polemera, pomwe ethanol amafuna 9 okha. Ndiye jeti yomweyo, ndi petulo wosakaniza, imapereka msakanizo wochepako mphamvu. Ethanol amakokanso chinyezi, amasungunula utoto wakale wa m'thanki, ndipo amaumitsa labala wopangidwa zaka za m'ma 1970. Galimoto yongokhala miyezi thanki ili theka ndiyo imavutika kwambiri. Mafuta a m'zigubu, ogulidwa nthawi ya kusowa, ndi njira ina yobweretsera madzi ndi mchenga. Ngati palibe kuchitira mwina, sefani pa nsalu yothina ndipo musathire zapansi pa chigubu.

Kukwera kwa malo kumakokera mbali ina. Kumtunda mpweya ndi wopepuka, choncho msakanizo umachuluka petulo. Buku la Land Rover limapereka jeti yaikulu ya 125 pa 36IV, ndipo ya 120 limaiyambira pa malo okwera kupyola mamita 1,500. Blantyre ndi Lilongwe zili cha m'ma 1,000, ndiye 125 ndiyo yake, makamaka poti ethanol akuchepetsa kale. Werengani nambala yodindidwa pa jeti yanu, chifukwa m'zaka makumi anayi kapena asanu manja ambiri adutsamo, ndipo ena amaboola jeti ndi dililo poganiza kuti akuonjezera mphamvu. Jeti yobooledwa imakhala ndi nambala yakale koma bowo lina. Ngati ili ndi zokandika kukamwa, isinthidwe.

Kuchuna komaliza kunali kwa mphindi zochepa. Injini itenthe mokwanira, choki itakankhidwa, sefa ya mpweya italumikizidwa. Mangani sikuluu ya petulo mpaka igunde mofatsa, masulani kamodzi ndi theka ngati poyambira, lizani, ikani silo ndi sikuluu ya thirotolo. Kenako masulani ya petulo pang'onopang'ono mpaka injini iyambe kukwera n'kutsika, bwererani mkati mpaka liwiro liyambe kugwa, ndipo ikani pakati pa malo awiriwo, mopendekera pang'ono kumbali yomasula. Dikirani masekondi angapo mukapotoza kulikonse, injini imayankha mochedwerako. Bwezani silo ndi sikuluu ya thirotolo. Buku limati cha m'ma 500 rpm pa injini zopanda zida zochepetsera utsi. Ine ndinaikweza pang'ono kuti batire izilandira moto usiku magetsi atayaka. Ngati kuti ilire bwino mukuchita kumasula sikuluu kupyola katatu, mpweya ukulowerabe penapake kapena jeti ya silo sinayere.

Poyesa ndinatsika ku Chikwawa n'kukweranso chitunda chobwerera ku Blantyre, msewu womwe umachoka pa mamita osafika 200 kufika cha m'ma 1,000 pa mtunda waufupi, kotentha pansi. Pamenepo vuto lililonse la petulo wochepa limadziulula: singano ya kutentha imakwera, injini imalira ngati mukugwedeza misomali m'chitini, mphamvu imatha. Inakwera bwino, ndipo mapulagi pamwamba anali ofiirira. Kutentha kwa kumunsi kuli ndi msampha wina: mukaima injini ili yotentha, petulo amatha kuwira mu paipi kapena mu pampu, galimoto n'kukana kulira mpaka itazizira. Kumeneko sikulakwa kwa machunidwe; onani ngati paipi ya petulo yayandikira ekizozi.

Kamwedwe ka mafuta ndinakayeza podzaza thanki, kuyenda, kudzazanso pa pampu yomweyo n'kugawa makilomita ndi malita, chifukwa geji ya Series siyodalirika. Kanabwerera pa makilomita 6 ndi kanthu pa lita, m'tauni ndi kunja komwe. Patatha milungu iwiri kapena itatu gasiketi yatsopano imakhala itaphwa, choncho masikuluu a chivundikiro ndi manati a pansi pa kabuleta amafuna kuonjezedwa pang'ono, injini ili yozizira, kenako silo ichunidwenso.